KUŴERENGA TSAMBA LOYAMBA LOKHA NDI KUNAMIZA DZIKO

Pali khalidwe loipa limene lazika mizu m'maofesi ena. Akatswiri a m'mayunivesite akafufuza za ntchito yothandiza anthu, akuluakulu ena amangotolapo mzere umodzi wokoma, n'kuulengeza pamsonkhano, lipoti lonselo n'kulitsekera m'kabati. Anthu otereŵa amadzitcha okonda dziko, koma zoona zake n'zakuti akunamiza anthu amene iwo analembedwa ntchito kuti aŵatumikire.

Nkhani ya m'boma la Zomba ndi umboni wokwanira. M'zaka za 2008 ndi 2009, atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22, pamodzi ndi makolo awo, ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Madera 176 anagaŵidwa mwa maere kuti pasakhale kukondera. Atsikana ena ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo limenelo, ndipo ena sankalandira kanthu. Akatswiri Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayerekeza magulu ameneŵa.

Zotsatira zoyamba zinali zokondweretsa. M'chaka cha 2011 anafalitsa kuti ndalama zokhala ndi lamulo zinasunga atsikana ambiri pasukulu, pamene ndalama zopanda lamulo ndizo zinachepetsa maukwati ndi mimba zaubwana, chifukwa mtsikana wosiya sukulu sankalandidwa thandizo. M'chaka cha 2012 magazini ya The Lancet inasonyeza kuti mwa atsikana a pasukulu olandira ndalama, 1.2 pa zana lililonse anali ndi kachilombo ka HIV, pamene mwa osalandira anali 3 pa zana.

Apa ndipo pamene okonda kuombedwa m'manja amatsekera buku. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri aja anabwererakonso patatha zaka zoposa ziŵiri ndalama zitaleka, ndipo zimene anafalitsa m'chaka cha 2019 n'zoŵaŵa. Phindu la ndalama zopanda lamulo pa maukwati, mimba ndi HIV linali litazilala. Komabe ana amene anabadwa amayi awo akulandira ndalamazo anakula bwino mu msinkhu, ndipo atsikana amene anabwezedwa kusukulu atasiya kale anapita patsogolo ndi maphunziro, ngakhale kuti ntchito ndi malipiro awo sizinasinthe.

Wonena kuti ndalamazo zinangotayika akulakwa. Wonena kuti vuto la atsikana linatheratu akulakwanso, ndipo kulakwa kwake n'koopsa koposa, pakuti kumagonetsa boma tulo. Phunziro lake n'loonekeratu: thandizo la zaka ziŵiri limatchinjiriza mtsikana panthaŵi imene likuperekedwa, koma silingaloŵe m'malo mwa sukulu yabwino ndi ntchito yopezera ndalama.

Choncho wogwira ntchito m'boma aliyense, kuyambira ku Capital Hill kufikira ku ofesi ya bwanamkubwa, ayenera kuŵerenga lipoti kufikira tsamba lomaliza. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, ayenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo, ndiponso ntchito ina iliyonse yodya ndalama za dziko. Atsogoleri a chipani m'madera asamakhutire ndi chiŵerengero cha anthu olandira. Azifunsa kuti miyoyo ya anthuwo ili bwanji patapita zaka zisanu. Mtsogoleri woopa funso limeneli sakuteteza boma ai, akuteteza mpando wake.