MUKAMADZUKADZUKA USIKU, PEMPHERANI KOMA KAYEZETSENINSO



Mauthenga andichulukira pa nkhani imodzi: "Abusa, ndimadzidzimuka katatu kanayi usiku uliwonse, makamaka cha m'ma 3 koloko. Kodi alipo akunditamba?" Lero ndiyankhe poyera, ngakhale ndikudziwa kuti ena yankho lake silikukomerani.

Nkhondo yauzimu ilipo, ine ndimaikhulupirira. Mulungu amadzutsanso anthu usiku. Samueli anaitanidwa ali chigonere, ndipo mfumu Ahaswero inasowa tulo usiku umene Mordekai anakumbukiridwa. Koma chiphunzitso chakuti aliyense wodzuka 3 koloko walodzedwa chikupweteka nkhosa. Anthu akutha ndalama kugula mafuta odzozedwa, ena akuloza chala agogo awo kumudzi, pomwe matenda akudya thupi mwakachetechete. Agogo osalakwa amenyedwa, ena mpaka kuphedwa, chifukwa cha milandu yotereyi. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti.

Mvetsani mmene Mlengi anapangira tulo. Timabwera m'zigawo za mphindi pafupifupi 90, kenako timapepuka, n'kuyambiranso. Tulo tofa nato timachuluka chigawo choyamba cha usiku, m'bandakucha timakhala topepuka. N'chifukwa chake galu akangouwa 3 koloko, maso gwa! Kudzuka kamodzi n'kugonanso si vuto. Vuto ndi pamene zikuchitika pafupifupi usiku uliwonse kwa masabata, masana n'kumangosinza pantchito. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo.

Ndiye funso loyamba n'lakuti: chikukudzutsani n'chiyani?

Ngati ndi mkodzo, samalani. Kukodza pafupipafupi, ludzu losatha ndi kuwonda ndi zizindikiro za shuga. Azibambo opitirira zaka 50, mkodzo ukamatuluka movutikira kapena modontha, mwina prostate yakula. Anzathu a kunyanja, mukaona magazi mumkodzo ganizirani likodzo. Amayi oyembekezera nawonso amadzuka kawirikawiri chifukwa mwana amapanikiza chikhodzodzo.

Bambo wina mumpingo mwathu tinamupempherera miyezi ingapo, akudandaula kuti usiku sagona. Tsiku lina ndinamufunsa kuti amadzuka kukatani. Akuti kukataya madzi, kasanu! Tinamutumiza kuchipatala, anamubaya chala, shuga ali pamwamba. Lero akumwa mankhwala, akugona, ndipo akutumikira. Ulemerero kwa Mulungu amene anatitsegula maso nthawi isanathe. Aleluya!

Ngati mumadzuka thukuta lili kamukamu, muli ndi chifuwa chosatha komanso mukuwonda, kayezetseni TB. Kuchipatala cha boma ndi ulere. Amayi amene akusiya kusamba, kutentha thupi usiku kumachitika, si mzimu woipa. Amene mumaliza mkonono mpaka kubanika n'kudzidzimuka ngati wina wakukanyangani pakhosi, njira ya mpweya imatsekeka mukagona, makamaka thupi likakula, ndipo zimenezi zimakweza BP. Amayi a kunyumba, inu ndi amene mumamva, auzeni abambo akaonane ndi dokotala.

Mankhwala enanso amasokoneza tulo. A BP ena, monga HCTZ, amakodzetsa, n'chifukwa chake amati muzimwa m'mawa. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene anayamba kuperekedwa kwa ambiri kuno ku Malawi mu 2019, amasowetsa tulo anthu ena. Ndimvereni bwino apa: MUSASIYE mankhwala. Kafotokozeni kuchipatala, akuuzani nthawi yabwino yomwera. Mneneri aliyense wokuuzani kuti tayani mankhwala, muthaweni.

Zina timadzipweteka tokha. Tiyi wamphamvu, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zili ndi caffeine, ndipo pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala lidakali m'magazi. Mowa umagonetsa msanga koma umakudzutsani pakati pa usiku. Mitanda inayi ya nsima 9 koloko n'kugona pompo, chilungulira chilekerenji? Nanga foni? Mwadzuka pang'ono, mwatsegula WhatsApp, kuwala kuja kwauza ubongo kuti kwacha.

Ndipo chachikulu chimene ambiri sanena ndi nkhawa. Lendi, fizi, ngongole ya katapila, banja losayenda. Masana phokoso limabisa, usiku mtima umayamba kuwerengetsa. Apa ndiye pamene mpingo uyenera kugwira ntchito yake. Musafe nazo nokha, mutu umodzi susenza denga. Ngati mukudzuka m'bandakucha tsiku lililonse mtima uli wosweka, chakudya osachifuna, mwinanso maganizo ofuna kudzipha akubwera, lankhulani lero lomwe ndi abusa, m'bale wodalirika komanso achipatala.

Tsono yesani izi masabata awiri. Gonani ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, ngakhale Loweruka. Tiyi ndi khofi zithere masana. Idyani maola 2 kapena 3 musanagone, madzi ambiri mumwe masana, ndipo tayani madzi musanakwere pabedi. Kungani neti, udzudzu usakuimbireni kwaya. Foni igone patali. Tulo tikakana kwa mphindi 20, dzukani, khalani pansi mopanda kuwala kwambiri, pempherani mwakachetechete, tulo tikabwera bwererani. Zikapanda kusintha, ulendo wa kuchipatala, mukayezetse shuga ndi BP.

Ife abusa tisamalenso. Mapemphero a usiku wonse ndi abwino, koma osati katatu pa sabata kwa munthu amene m'mawa akayendetsa minibasi yodzaza anthu. Eliya atatopa m'chipululu, mngelo anamupatsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agonenso. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Kupita kuchipatala si kuchepa chikhulupiriro.

Ndikupempherera aliyense wowerenga izi: Atate, apatseni tulo tamtendere, ndi nzeru yozindikira chimene chikuwadzutsa, m'dzina la Yesu. Lembani Amen, ndipo tumizirani m'bale amene mukudziwa kuti usiku sagona.