Chitsulo cha Ng'anjo za Nyukiliya Chimachiritsidwa ndi Moto

Mu 1992 malo opangira magetsi a nyukiliya a Yankee Rowe, ku Massachusetts m'dziko la America, anatsekedwa. Nkhawa yaikulu inali pa thanki yachitsulo momwe mumakhala yureniyamu. Itagwira ntchito zaka 30, akatswiri ankaopa kuti ikhoza kung'aluka madzi ozizira atalowamo mwadzidzidzi.

Chimene chimakalambitsa chitsulo chotere sichioneka ndi maso. M'kati mwake maatomu amandandalika mwadongosolo, iliyonse pamalo pake. Manyutroni othamanga ochokera mu yureniyamu akawomba atomu imodzi, imagwetsanso zinzake zambirimbiri. Pamene yachoka pamatsala dzenje, ndipo iyo imakadzipanikiza pakati pa zina. Zilema zimenezi zikachuluka, chitsulo chimalimba koma chimasiya kupindika, n'kuyamba kuthyoka.

Apa m'pamene kutentha kumagwira ntchito yake. Kukazizira kwambiri, zilemazo zimangokhala pomwe zabadwira. Kukafunda, maatomu osochera ndiwo amayamba kuyenda, maenje pambuyo. Ena amagwera m'maenjemo n'kutseka bala, ena amaunjikana m'magulu. Pa madigiri pafupifupi 290, pomwe mathanki ambiri amagwirira ntchito, ngakhale mkuwa wochepa wotsalira m'malo owotcherera umasonkhana timibulu toumitsa chitsulo. Chodabwitsa n'chakuti thanki yozizirirapo imawonongeka msanga kuposa yotentherapo.

Osula makasu amadziwa kuti chitsulo chouma chimafewa ukachiwotcha n'kuchisiya chizizire pang'onopang'ono. Mainjiniya a ku Soviet Union anachita zomwezo pa thanki ya ng'anjo ya nyukiliya ya ku Novovoronezh mu 1987. Dziko la Finland linatsatira mu 1996: pa ng'anjo yoyamba ya ku Loviisa anatenthetsa malo owotcherera mpaka madigiri 475 kwa masiku angapo, zilema zambiri zinafafanizika. Lero malo opangira magetsi a ku Loviisa ali ndi chilolezo chogwira ntchito mpaka 2050.

Komatu mankhwalawa sachiza kotheratu, chifukwa ng'anjo ikayakanso manyutroni amayambiranso kuwomba. Maboma amene akuwonjezera zaka za ng'anjo zakale asamangowerengera ndalama zimene apulumutse. M'mathankimo mumapachikidwa tizidutswa ta chitsulo chomwecho, timene amatulutsa pakapita zaka n'kutithyola mu labotale, tina totentha tina tozizira. Zotsatira za mayeso amenewo ziyenera kulengezedwa kwa anthu okhala pafupi ndi malowo chilolezo chatsopano chisanasainidwe, ndipo ofufuza za kutentha ndi zilemazi apatsidwe ndalama zokwanira.