MPHUNO ISAKUSANKHIRENI NYAMA PAULENDO

Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu akulidziwa fungo limene limalonjera apaulendo basi ikangoima. Pa Lunzu, pa Zalewa, pa Ntcheu, pa Lizulu, pa Mponela ngakhalenso pa Jenda, utsi wa mbaula ndi wa chiwaya umalowera pa zenera munthu usanatsike n'komwe. Kunyanja nako, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, nsomba zootcha zimaitana chimodzimodzi. Tsono mimba imene yakhala m'basi chiyambire m'bandakucha siimva uphungu wa munthu.

Alangizi ena amati waulendo asamagule konse chakudya cha panjira. Ine ndikuona kuti malangizo otere sapindula kanthu, pakuti anthu amavomera pa chipatala koma akafika pa siteji amagulabe. Ndiponso nyama ndi chakudya chabwino chomanga thupi, ndipo ambiri mwa amene amaiotcha ndi anthu olimbikira amene akusaka sopo ndi fizi ya ana awo. Chimene tiyenera kuphunzira ndicho kusankha, chifukwa pa siteji imodzi yomweyo pamakhala wootcha waukhondo ndi wina wauve, ndipo fungo la nyama yawo ndi limodzi.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Tsiku lina ndili paulendo wokazonda mlongo wanga amene anagonekedwa m'chipatala, ndinagula kanyenya wa mbuzi pa zenera la basi pa siteji ina. Anali wozizira, womukulunga m'nyuzipepala, koma njala inandiuza kuti palibe kanthu. Usiku womwewo ndinayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba, kotero kuti ine wodzazonda matenda ndinasanduka wodwala wachiwiri, ndipo ndalama imene ndinatengera wodwalayo inathera pa ine. Akuluakulu sananame ponena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yang'anani moto poyamba

Moto ndiye mlonda wamkulu wa nyama. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timafa nyama ikatentha mpaka m'kati kufika pa madigiri 70, koma timaswana mofulumira zedi m'chakudya chofunda, chimene sichikutentha kapena kuzizira kwenikweni. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Waulendo alibe choyezera kutentha, koma maso ali nawo. Tsikani, muone nthuli yanu ikuchoka pa moto. Ngati inapsa kale n'kuiika pambali pa chiwaya, pemphani kuti aibwezere pakati mpaka ichite kuwira ndi kutulutsa nthunzi. Ing'ambeni pakati. Ngati mukutuluka madzi ofiira kapena pafupi ndi fupa pali magazi, makamaka ikakhala nkhuku kapena nkhumba, ibwerere pa moto. Makala oyaka kwambiri amapsereza kunja m'kati muli mwamuwisi, motero kuda kwa nyama si umboni woti yapsa.

Nyamayo yachokera kuti?

Wootcha wokhulupirika sabisa nyama yake yaiwisi. Amaipachika pamthunzi, yophimba, ndipo ukamufunsa amakuonetsa chidindo chimene alangizi a ziweto amadinda akaiyeza. Amene akutulutsa nthuli m'thumba la pansi pa tebulo, kapena akugulitsa motchipa modabwitsa, muthaweni, pakuti kawirikawiri nyama yotere imakhala ya chiweto chofa chokha. Kumbukirani kuti m'chaka cha 2018 mvuu zinafa ndi matenda a anthrax ku nkhalango ya Liwonde, ndipo m'chaka cha 2023 anthu mazana angapo ku Zambia anawaganizira kuti atenga matenda omwewa. Munthu amawatenga posenda kapena kudya nyama ya chiweto chimene chafa nawo.

Nyama ya nkhumba ifunika diso lapadera. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga m'minofu yake, dziwani kuti ndi ana a njoka za m'mimba. Munthu akadya nyama yotere isanapse bwino, njoka imakula m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amatha kukafika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. A WHO amati m'madera ambiri amene njokazi zafala, pafupifupi odwala khunyu atatu mwa khumi alionse anadwala mwa njira imeneyi. Nthuli imodzi ya pa siteji ikhoza kubweretsa m'banja matenda amene ena adzati ndi ufiti.

Madzi, manja ndi mpeni

Nyama ikhoza kupsa bwino n'kudetsedwanso itachoka pa moto. Onetsetsani manja a wogulitsa. Kodi dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo likukupatsirani nthuli? Kodi mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi ndi zomwezo akudulira yakupsa ndi kabichi? Kodi pali ndowa ya mpopi kapena jagi yothirira, pamodzi ndi sopo, kapena anthu onse akusamba m'beseni limodzi la madzi otuwa? Beseni lotere limagawa matenda m'malo mowachotsa. Onaninso ngati malowo ayandikana ndi chimbudzi, dzala kapena ngalande, pakuti ntchentche imene yatera pa nyama yanu simukudziwa kumene yachokera.

Saladi wa kabichi ndi tomato amene amaika pambali pa tchipisi ndiye woopsa koposa, chifukwa sapita pa moto ndipo madzi amene anamutsukira simunawaone. Paulendo msiyeni, makamaka nyengo ya mvula. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa March 2022 ku Machinga unafalikira m'maboma onse, unadwalitsa anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Kolera amayenda m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa, ndipo waulendo ndiye amamunyamula kuchoka boma lina kukamutula kumudzi kwawo.

Funsani eni dera

Safunsa anadya phula. Mukafika m'tauni yachilendo, funsani amayi a mumsika, aphunzitsi kapena ogwira ntchito pa chipatala kuti iwo amagula kwa yani. Wootcha amene amadyetsa anthu a pomwepo tsiku ndi tsiku amasamala, podziwa kuti akawadwalitsa mawa adzamupeza. Amene amangothamangira mazenera a mabasi amadziwa kuti wogulayo akadwalira kutali. Pamene pali anthu ambiri ogula ndi pabwinonso chifukwa nyama siikhalitsa. Koma musangodalira pamene dalaivala waimika basi, pakuti iye akhoza kukhala ndi zifukwa zake.

Wina adzati, "Zonsezi n'zabwino, koma basi siidikira, ndipo ndalama yanga ndi yochepa." Kudandaula kumeneku n'koona. Yankho langa ndi lakuti ngati nthawi yoona nyama ikupsa palibe, tsiku limenelo nyama ipite. Gulani nthochi kapena malalanje amene musenda nokha, dzira lowiritsa losaswa, chimanga kapena mbatata yochokera pa moto pomwepo. Makolo athu sankanyamuka opanda kamba, ndipo mtedza wokazinga ndi botolo la madzi owiritsa kapena othira kolorini sizilemera. Pa za mtengo, werengerani pamodzi ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala ndi masiku amene khasu lidzagona, mudzaona kuti nyama yotchipayo ndiyo yodula. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndiwo ayenera kusamalidwa koposa. A WHO analengeza mu 2015 kuti anthu 420,000 amafa chaka chilichonse pa dziko lapansi chifukwa cha chakudya chodetsedwa, ndipo 125,000 mwa iwo ndi ana osafika zaka zisanu.

Udindo suli pa wogula yekha. Wootcha sangasambe m'manja pamalo popanda madzi. Makhonsolo amene amatolera ndalama za ziphaso m'misika ayenera kuika mipopi, zimbudzi ndi malo ophera ziweto m'masiteji akuluakulu, ndipo alangizi a zaumoyo aziyendera malowa chaka chonse, osadikira mliri. Komabe woyendera amabwera mwa apo ndi apo, pamene wogula alipo tsiku lililonse. Ife tikamakana nthuli yozizira ndi kufunsa za sopo, ogulitsa adzasintha msanga, pakuti palibe amene amafuna kuona ndalama ikupita kwa mnzake.

Ngati mwayamba kutsekula m'mimba paulendo kapena mutafika, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa ndi kumamwa pafupipafupi. Chimbudzi chikakhala chamadzimadzi chonga madzi otsukira mpunga, chamagazi, kapena wodwala akusanza kosalekeza, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze adokotala chimene munadya ndi kumene munadyera.

Inu abambo ndi amayi amene mukuwerenga izi podikira pa sikelo kapena pa mzere wa mankhwala, kawauzeni anzanu kumudzi. Paulendo wotsatira tsikani m'basi, sambani m'manja ndi sopo, muone moto, mufunse za chidindo, ndipo mukakhutira, idyani kanyenya wanu akadali wotentha.