SADC, 2063 ndi kutali: tiuzeni zomwe muchite chaka chino

Mu Epulo 2015 atsogoleri a mayiko a SADC adakumana ku Harare n'kuvomereza ndondomeko yotukula mafakitale m'chigawo chino, yoyambira 2015 kufika 2063. Cholinga chake ndilibe nacho vuto. Akuti tileke kutumiza kunja mkuwa, thonje ndi soya zosakonza, tizizikonza konkuno kuti ntchito ndi ndalama zizitsala kwathu. Chomwe chimandikwiyitsa n'chaka chomalizacho. Mwa onse amene adavomereza ndondomekoyi, ndani adzakhale pampando mu 2063 kuti timufunse? Ife amene tikulimbana ndi mayeso lero tidzakhala titapuma pantchito, ngati ntchitoyo tidzaipeze n'komwe.

SADC sinayambe lero kulonjeza. Malonda opanda msonkho pakati pa mayiko ake adayambadi mu 2008. Koma adatiuzanso kuti pofika 2010 tidzakhala ndi msonkho umodzi wa katundu wochokera kunja kwa chigawochi, pofika 2015 msika umodzi, ndipo pofika 2018 ndalama imodzi. Zitatu zonsezi sizidachitike, ndipo palibe amene adatula pansi udindo. M'malo mwake, mu 2020 tidalandira zikalata zina: Vision 2050 ndi RISDP ya 2020 mpaka 2030. Tsiku likakwana ntchito isanagwirike, amangolisuntha n'kulemba buku latsopano.

Taonani za magetsi. Fakitale siyenda ndi makandulo. Mgwirizano wogulitsana magetsi wa Southern African Power Pool udakhazikitsidwa mu 1995, koma Malawi idatha zaka zoposa 25 isanalumikizidwe, pomwe damu la Cahora Bassa lili pafupi pomwepa ku Tete. Taonaninso za malonda. Mu 2025 Malawi idaletsa katundu wina wakunja, Tanzania nayo n'kubwezera potseka zokolola za ku Malawi. Mayiko awiri a m'bungwe limodzi kutsekerana zipata! Wabizinesi wanzeru angamange bwanji fakitale yodalira msika wachigawo pomwe chipata chingatsekedwe ndi kalata imodzi ya nduna?

Zilipo zomwe zatheka, ndipo phunziro lili pomwepo. Mlatho wa Kazungula pakati pa Botswana ndi Zambia udatsegulidwa mu 2021, magalimoto akuluakulu n'kusiya kudikira pantoni. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chidayamba mu 2022 kugwira ntchito ngati malo amodzi, moti dalaivala saimanso kawiri. Izi zidatheka chifukwa panali maboma awiri odziwika, ndalama zodziwika kochokera, kontrakitala, ndi ntchito yoti munthu angailoze ndi chala. Akuluakulu adati tiyenitiyeni sachoka, achoka ndi bvundumuku.

Ena anena kuti likulu la SADC ku Gaborone lilibe mphamvu zokakamiza mayiko 16 odziimira paokha. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake mlanduwu ndikuupititsa kwa maboma athu. Ndondomeko yomwe sinalowe mu bajeti ya dziko ndi pepala chabe.

Ndikufuna zinthu zitatu. Choyamba, dziko lililonse lisankhe ntchito zochepa za zaka zitatu, lilembe unduna woziyendetsa, mtengo wake ndi tsiku lomaliza. Kwa Malawi ndingayambe ndi magetsi odalirika, njanji ya ku Nacala kunyamula katundu wathu wochuluka, ndi mafakitale oyenga mafuta ophikira kuchokera ku soya ndi mtedza. Chachiwiri, nduna yoona za malonda izifotokozera Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse zomwe zachitika ndi zomwe zalephereka, wailesi zikuulutsa. Chachitatu, thumba la chitukuko la SADC, lomwe mgwirizano wake udalembedwa mu 2016, mayiko aziikamo ndalama zawo. Wodalira thumba la mlendo amatsatira zofuna za mlendoyo.

Anzanga a pasukulu ndi inu amene mukuyenda ndi ma CV m'tauni, nkhaniyi ndi yathu. Soya aliyense wotuluka m'dziko osayengedwa wanyamula ntchito ya injiniya, ya akauntanti ndi ya woyeza zakudya. Phungu akabwera kudzapempha voti, kapena nduna ikadzalankhula pasukulu, tisamangoomba m'manja. Tiwafunse kuti pa zomwe adalonjeza ku Harare, chomwe chithe chaka chino n'chiti, ndalama zake zili pa tsamba liti la bajeti, ndipo chikalephereka achoke ndani.