Kodi Wankhanza Amasintha? Funsani Nyengo ya Malonda

Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene thonje lapita pa sikelo, soya wagulidwa ndipo matumba a cimanga afika ku depo ya FRA, ndiyo miyezi imene ndalama zimalowa m'midzi mwathu. Ndiyonso miyezi imene ankhoswe sagona tulo. Mayi amene anakumba maenje mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, napalira, nakolola, akafunsa kumene kwapita ndalama za mbewu amayankhidwa ndi cibakera. Pakapita masiku atatu bambo amabwera wofatsa, atanyamula citenje catsopano ndi paketi ya shuga, misozi ili m'maso, nalumbira kuti sadzabwerezanso. Pamenepo mayi amatsala ndi funso limene ambiri a ife tafunsidwapo ndi mlongo, mwana kapena mnansi: kodi munthuyu adzasintha? Ndikhale kapena ndicoke?

Ine ndikuti munthu wankhanza angathe kusintha, ndipo ife a mumpingo sitingakane zimenezi popanda kukana uthenga umene timalalikira. Koma osinthawo si ambiri, ndipo cimene cimawasintha si kupirira kwa mkazi. Ndikutinso mkazi sali womangidwa kudikira kusinthako ali pafupi ndi dzanja limene limam'menya.

M'buku la 1 Samueli muli nkhani imene alangizi a mabanja akanamaiwerenga kawirikawiri. Mfumu Sauli anaponyera Davide mkondo m'nyumba momwe, Davideyo akumuimbira zeze, ndipo pambuyo pake anam'saka ndi asilikali 3,000. Pa caputala 24, Davide atam'leka wamoyo m'phanga la ku En-gedi, Sauli analira mokweza, nam'chula mwana wake, navomera kuti wolungama ndi Davide. Akanakhalapo ankhoswe athu tsiku limenelo, akanaomba m'manja ndi kunena kuti mlandu watha, aliyense abwerere kunyumba. Sauli anabwereradi kwao, koma Davide ndi anthu ake anakwera ku linga. Pofika caputala 26, Sauli yemwe uja ali m'cipululu ca Zifi ndi asilikali 3,000, akusaka munthu yemwe uja. Atalekedwanso wamoyo anavomera kuti wacimwa, ndipo ulendo uno anam'pempha Davide kuti abwerere, nalonjeza kuti sadzam'citanso coipa. Davide anabweza mkondo wa mfumu mwaulemu, kenaka anasamukira ku dziko la Afilisti.

Sindiganiza kuti misozi ya Sauli inali yabodza. Pa ola limenelo anali kulira zenizeni, ndipo apa ndi pamene pamavuta amayi ambiri: amaona kuti mwamuna akumva cisoni coonadi, nayesa kuti cisonico ndico kusintha. Davide sanabwezere coipa, ndipo Sauli atafa anam'lira maliro. Komabe sanagonenso pafupi ndi mkondo uja, ndipo Malemba sam'dzudzula pa zimenezo. Tikauza mayi wotupa diso kuti kukhululuka n'kubwerera, tam'senzetsa katundu amene Davide sanasenze.

Kulapa kumene kumaoneka ndi kwa Zakeyu, pa Luka 19. Iye anachula zowerengeka: theka la cuma cake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa amene anawanyenga. Pa sukulu pano timaphunzitsa kuti mbewu yocokera m'nkhokwe siyesedwa ndi maso. Mumayamba mwabzala njere 100 pambali ndi kuwerenga zimene zamera, musanaipatse munda wonse. Lonjezo la wankhanza nalonso liyenera kuwerengedwa, ndipo nthawi yowerengera si sabata imodzi. Lidutse mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa watha ndipo mitima ndi yaifupi. Lidutse pa malipiro a sukulu. Koposa zonse lidutse nyengo ina ya malonda, ndalama zitalowa pa foni yake.

Mwamuna amene akusinthadi amachula cimene anacita osawonjezapo "koma". Akangoti anam'menya koma mkaziyo ali ndi pakamwa, kapena koma unali mowa, ndiye kuti mlanduwo wausenzetsa wina. Za mowazi tinene mosabisa: munthu yemweyo akaledzera samenya mwini bala, samenya a mfumu, samenya wapolisi. Amasunga cibakera mpaka kunyumba. Mowa umakulitsa nkhanza ndipo uyenera kulekedwa, koma wosankha womenyedwa ndi mwini dzanja. Wosinthadi amavomera pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ngakhale dzina lake la ukulu wa mpingo liwonongeke. Amaonetsa risiti ya thonje. Sagulitsa mbuzi mkazi ali ku cigayo. Ndipo cizindikiro cimene ine ndimacikhulupirira kuposa zonse ndi ici: mkazi akanena kuti akhale kaye kwao, iye amalola, napitiriza kutumiza cimanga ca ana, osatuma abusa, amalume ndi amayi a cigwirizano kuti akam'kakamize kubwera. Wofulumizitsa cikhululukiro akufuna kuti zinthu zibwerere mwakale, ndipo mwakalemo ndimo munali nkhanza.

Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti akazi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15. Koma ciwerengero cimene cimandisowetsa mtendere ndi cina. Akazi 46 mwa 100 anavomereza kuti mwamuna angathe kumenya mkazi wake pa cifukwa cina, monga kupsereza cakudya, kutsutsana naye kapena kucoka osatsanzika. Amuna ovomereza zimenezo anali 26 mwa 100. Akazi sanabadwe ndi maganizo amenewa. Anawamva ku cilangizo, madzulo a ukwati, pamene anauzidwa kuti banja n'kupirira ndi kuti za m'nyumba siziululidwa. Kupirira n'kwabwino, ndipo mlimi aliyense amakudziwa. Tipirire cilala, matenda, umphawi ndi mtengo woipa wa soya. Ndodo siili m'gulu limeneli.

Tsono tisafulumire kuweruza mayi amene wasankha kukhala. Kucoka si kungomanga mtolo. Kwa Acewa ndi Ansenga a cikamwini munda ndi wa kwao kwa mkazi, ndipo wocoka ndi mwamuna. Koma mkazi wa citengwa, kapena wokwatiwa mwa malowolo kwa Angoni ndi Atumbuka, akacoka amasiya munda umene wauthira manyowa zaka khumi, nthawi zina amasiyanso ana, ndipo kwao akuopa za ng'ombe zimene zinadyedwa kale. Dzina la ku koparetivu ndi la ku FISP kawirikawiri limakhala la bambo. Mayi wotere akanena kuti akhala, si wopusa, wawerengera. Cimene tingam'thandize ndi kum'dziwitsa zimene mwina sanaziike m'kuwerengerako. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limachula nkhanza zakumenya, zakugonana, zozunza maganizo ndi za cuma, motero kumana mkazi phindu la munda umene analima nawo ndi nkhanza pamaso pa lamulo. Khoti lingathe kuletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwa, ndiponso kum'lamula kuti atuluke m'nyumba iyeyo. Ku polisi kuli Victim Support Unit. Makhoti ofulumizitsa milandu yotere anayamba ku Kabwe ndi ku Lusaka mu 2016, ndipo ku Chipata liliko. Nambala ya 933 imaimbidwa kwaulere, ndipo ya ana ndi 116. Zonsezi zimatetezanso mwamuna wozunzidwa ndi mkazi wake, pakuti aliponso otere, ndipo manyazi amawatseka pakamwa.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka, funso lakuti adzasintha kapena ayi liyenera kudikira, cifukwa nkhani yasanduka ya moyo. Mwamuna akakanyanga mkazi pakhosi ngakhale kamodzi, akam'tengera nkhwangwa kapena cikwanje, akam'menya ali ndi pakati, akanena kuti adzamupha kapena kuti adzamwa mankhwala a thonje mkaziyo akacoka, pamenepo palibe za kuyesa caka cina. Ndipo nthawi yocoka ndiyo yoopsa koposa, pakuti wankhanza akaona kuti ulamuliro ukum'pulumuka amalusa. Mayi asalengeze tsiku. Asunge kwa munthu wodalirika citupa cake ca NRC, makhadi a ana a ku cipatala ndi kandalama ka ulendo, ndipo akavulazidwa apite ku cipatala kuti mabala alembedwe.

Inu amene munamaliza maphunziro pano, ambiri a inu tsopano ndinu alimi otsogolera, alembi a makoparetivu ndi akulu a mipingo, ndipo citseko cimene cimagogodedwa usiku ndi canu. Wogogodayo mudzam'dziwa, ndipo womenyayo mudzam'dziwanso: mwina ndi mnzanu wa pa munda wacitsanzo, woimba bwino m'kwaya, wopereka cakhumi mokhulupirika. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musam'perekeze mayiyo kunyumba usiku womwewo. Musawakhazike pa mphasa imodzi m'mawa mwake kuti aliyense anene mbali yake, cifukwa mkazi amene adzagona m'nyumba ya mwamunayo madzulo sanganene zonse iye akumva. Mumveni payekha, pali mayi wina amene iye mwini wam'sankha. Bamboyo mukakumane naye inu amuna anzake, ndipo akayamba kulira mulekeni alire. Akatha, mum'funse kumene kuli risiti ya thonje, ndi kumene adzagona iyeyo miyezi imene mkazi wake akuganiza.