Shuga wa masamba a mkuyu: fungo lichuluke, supuni ichepe

Mwezi watha, titamaliza phunziro la zophikaphika kutchalitchi kwathu, mayi wina wachikulire anatiitanira pambali. Anamva kuti tapanga shuga wosakaniza ndi masamba a mkuyu, ndiye ankapempha botolo limodzi loti akapatse bambo akunyumba amene akudwala matenda a shuga. "Akutitu masamba amenewa amatsitsa shuga m'thupi," anatero. Tinawamana botololo. Zinatiwawa kuwabweza chimanjamanja, koma shuga ndi shuga basi, kaya anunkhire chotani. Tinawapempha kuti bambowo asasiye mankhwala akuchipatala.

Nanga timamupangiranji? Kwathu taona kuti phala likamanunkhira bwino, ana salirira masupuni atatu. Imodzi imawakwanira. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene timapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo kutsika mpaka 6 n'kwabwino koposa. Mayi Ellen White anachenjeza kalekale za kuchulutsa shuga m'zakudya. Ife a Adventist timanyadira kuti sitimwa tiyi ndi khofi, koma tiyeni tivomereze: m'makapu athu a Sabata m'mawa shuga amachita kutsalira pansi.

Mkuyu tikunena pano si uja wam'mbali mwa mitsinje, wofanana ndi umene anakwera Zakeyu. Ndi mkuyu wobzala, Ficus carica, wa masamba otambalala ngati chikhatho chokhala ndi zala zitatu kapena zisanu. Kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo dziko la Turkey ndilo limakolola nkhuyu zambiri kuposa onse. Masamba ake akauma amanunkhira ngati kokonati wosakaniza ndi vanila. Ngati simukuudziwa bwino mtengo wa pabwalo panu, musayeserere ndi kachere kapena mikuyu yokongoletsera pakhomo. Bola mutenge makungu a mandimu ouma, kapangidwe kake n'kofanana.

Pothyola mpofunika kusamala. Utomoni woyera wotuluka paphesi uli ndi mphamvu yoti ukakhudza khungu, kenako khungulo n'kuombedwa ndi dzuwa, limatuluka matuza ngati lapsa ndi moto. Matuzawo saoneka pompo, amadzabwera mawa lake kapena mkuja, ndipo chipsera chakuda chimatha miyezi. Choncho thyolani madzulo, manja mutavala magolovesi kapena jumbo, ndipo mukatha sambani ndi sopo. Ana musawatume ntchito imeneyi.

Sankhani masamba atatu kapena anayi obiriwira bwino, opanda mawanga, a mtengo umene sunapoperedwe mankhwala. Atsukeni, muchotse phesi ndi mtsempha waukulu wapakati, n'kuwayanika pamthunzi pa lichero loyera mpaka azifumbutuka mukawagwira. Ofulumira angawaike mu uvuni pa moto wochepa kwambiri, kapena kuwatembenuza m'chiwaya chouma pamakala ozilala. Asade. Akada amawawa ndipo fungo lija limathawa. Ife ulendo woyamba tinatanganidwa ndi macheza, chiwaya chonse chinapita kudzala.

Akauma, sinjani mu kamtondo pamodzi ndi masupuni awiri a shuga, chifukwa shugayo amathandiza kupera masambawo. Sefani kuti timitsempha titsale, ndipo ufa wobiriwirawo musakanize ndi kapu imodzi ya shuga. Thirani m'botolo lagalasi louma, lotsekeka bwino, muzilikhutchumula tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi. Chinyezi ndiye mdani wamkulu: tsamba losaumitsitsa limaumbitsa shuga mibulu, mwinanso kuchita nkhungu. N'chifukwa chake ife timapanga dzinja likangotha, masamba akadali abwino koma mpweya utayamba kuuma.

Timawaza pang'ono pa phala la mgaiwa, pa mbatata yootcha, kapena m'chigumu chimene timaphika Lachisanu pokonzekera Sabata. Pabotolo timamatapo pepala lolembedwa tsiku limene tinapanga, ndipo mkati timasiyamo kasupuni kakang'ono kwambiri m'nyumba monse. Masupuni aakulu timawasiya kutali ndi botololo.