Msonkho wa ndudu ukutchinjiriza minda ku Pennsylvania

Mlimi wa ku Lancaster, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, akhoza kulandira ndalama za boma pa munda wake koma mundawo n'kukhalabe wake. Chimene amagulitsa ndi ufulu womangapo nyumba zogulitsa, masitolo kapena mafakitale. Oyeza mitengo amaona ndalama zimene omanga akanapereka, n'kuchotsapo mtengo wa malowo ngati munda wamba, ndipo mlimi amalandira ndalama zosaposa zotsalazo. Akangosaina, chiletsocho chimalowa m'chikalata cha malo mpaka kalekale. Mwana wodzalandira mundawo ngati cholowa ndi mlendo wodzagula, onse chimawamanga.

Anthu a ku Pennsylvania anavomereza okha pa voti mu 1987 kuti boma likongole madola 100 miliyoni a ntchitoyi, ndipo kenaka mbali ina ya msonkho wa ndudu inayamba kupita kuthumba la ntchito yomweyi. Lero minda yoposa 6,000, maekala opitirira 600,000, ndi yotetezedwa.

Oikira kumbuyo ndondomekoyi ali ndi mfundo yovuta kuitsutsa: nthaka ikathiridwa phula sibwerera. Bungwe la American Farmland Trust linapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2016 dziko la America linataya maekala 11 miliyoni a minda. Komanso ulimi sufa ndi munda umodzi. Anansi akagulitsa, wogaya chakudya cha ziweto amatseka, wokonza mathirakitala amasamuka, ndipo obwera kumene amayamba kudandaula ndi fungo la manyowa. Mlimi wotsalayo amatopa. Ndalama za boma zimamuthandiza kubweza ngongole kapena kugawa chuma kwa ana popanda kuduladula munda.

Nanga otsutsa? Ena amati malo omangapo akachepa, nyumba zimakwera mtengo ndipo achinyamata ogwira ntchito m'tauni ndiwo amavutika. Ena amafunsa chifukwa chake osuta, ambiri a iwo osauka, azilipirira eni maekala. Ku Lancaster kulinso vuto lake: alimi ambiri a mpingo wa Amish sakonda kulandira ndalama za boma, n'chifukwa chake bungwe loima palokha la Lancaster Farmland Trust, lokhazikitsidwa mu 1988, ndilo limagwira nawo ntchito kwambiri.

Koma dandaulo lolemera zedi ndi ili: chiletso chimasunga nthaka, sichisunga mlimi. Munda wotetezedwa, wozunguliridwa ndi minda inanso yotetezedwa, umakopa mpondamatiki wofuna bata ndi khola la mahatchi, ndipo mtengo umene iye angapereke mlimi wachinyamata sangaufike. Ku Massachusetts ndi ku Vermont anatsekako mpata umenewu. Kumeneko mabungwe osunga minda amakhala ndi ufulu wougula mundawo pa mtengo wa ulimi ngati mwini wake akufuna kugulitsa kwa munthu wosalima. Zimadya ndalama zambiri poyamba, koma popanda lamulo lotere, wolipira msonkho angadzapezeke kuti wagulira olemera malo opumulirako mphepo.